Gitala Imene Klensing Anachotsa M'nyumba ya Amayi Ake

Bah Klensing Swer, pakuti kuno mwamuna timamuitana mwaulemu kuti “Bah”, anasoka maambulera pamsika wa ku Sohra kwa zaka zoposa makumi anayi. Kwathu kuno ntchito imeneyi siinyozeka, pakuti mvula ikayamba mu Epulo siipumanso mpaka Okutobala. Malo ake anali pakhonde la sitolo ya nsalu, moyandikana ndi amayi ogulitsa kwai, mtedza wotafuna umene kuno timapatsa mlendo aliyense. Ankakhala pabokosi, pambali pake pali singano zitatu, kampeni, ndi mulu wa nthiti za maambulera amene anatha ntchito. Amayi a kwai aja ankamunyogodola tsiku lililonse la msika kuti amafolera mitu ya anthu onse koma denga la kwake likudontha. Iye ankayankha kuti denga silibwera lokha kumsika.

Ndinaphunzira naye pasukulu ya mishoni. Iye analekeza m'kalasi lachisanu, ine ndinapitirira n'kukhala kalaliki. Sindikulemba kuti ndimutame, chifukwa sakanakondwera nazo. Ndikulemba chifukwa ndinalipo pa sabata ija ya mu Juni 2004, ndipo malangizo amene anatsata anali anga.

Klensing anali ndi gitala. Anthu oiona koyamba ankaseka, poyesa kuti ndi ya mwana. Inali yaing'ono, yowonda m'chiuno, khosi lake lalifupi koma lonenepa, ndipo thabwa lapamwamba linali litada ngati tiyi wofiira. Pamene mkono umatsamira panali pataperepeseka mpaka kuyera. Magitala a achinyamata a kutchalitchi ndi aakulu, a nsambo zachitsulo, ndipo amakuwa moti woimba amalimbana nawo. Iyi siinkakuwa. Inkayenda pansi pa mawu a woimba, kuwanyamula osawaphimba. Mvula ikamamenya malata, wofuna kuimva ankayenera kusendeza mpando, ndipo ndinaona kangapo anthu osamwerana madzi atagundanitsa mawondo chifukwa cha kagitala kameneka.

Koma gitalayo siinali yake. Malume ake anali ophika kwa namwino wina wa pamishoni, ndipo namwinoyo pobwerera kwawo kutsidya kwa nyanja anawasiyira. Malumewo anakaipachika pamsomali m'nyumba ya mlongo wawo, amayi a Klensing, pakuti kumeneko ndiye kwawo kwa mwamuna ndi kwa zinthu zake. Anaphunzitsa Klensing kuiliza, ndipo woimba anali Plissina, mzime wa m'nyumbamo, amene Klensing ankamuitana kuti Duh monga timaitanira ana otsiriza. Ndimawakumbukira awiriwo ali pakhomo masana a Lamlungu, iye atawerama pagitala, mlongo wake akumuponda phazi akaphonya.

Nyumba ndi zonse za m'menemo zimatsalira mwana wamkazi wotsiriza, ndipo mwamuna akakwatira amapita kwa mkazi wake ndi zovala zokha. Klensing anakwatira mu 1961 ku Laitryngew. Tsiku lonyamuka anakulunga zovala zake m'bulangete, ndipo pakati pa zovalazo panali gitala. Amayi ake anaona msomali uli wokha. Chaka chisanathe anamwalira. Plissina anatuma uthenga kuti mlongo wake abwere ndi gitala, aimbire amayi awo nyimbo imene ankaikonda. Klensing anabwera chimanjamanja. Anandiuza patapita zaka zambiri kuti anaitsitsa, anaikulunga, anafika nayo mpaka pakhomo, kenako anaganiza kuti ikalowa m'nyumba muja siidzatulukanso, n'kuibwezera pamalo pake.

Pamaliropo Plissina anamuyang'ana m'manja, n'kunena pamaso pa anthu kuti, “Bah, mwaiopera gitala kuposa mmene mwaopera amayi.” Atatero sanamulankhulenso kwa zaka makumi anayi ndi zitatu. Ankakumana kutchalitchi ndi kumsika. Ambulera yake ikathyoka, Plissina ankadikira wopita kumzinda wa Shillong kuti akamusoketsere kumeneko, kapena ankangonyowa.

Klensing anaisamala gitalayo monga munthu amasamalira chinthu chimene akudziwa kuti adzafunsidwa nacho. Kuno chilichonse chimachita nkhungu, ngakhale Baibulo la m'sutikesi. Iye anaikhomera kashelefu mapazi asanu kuchokera pamoto, osati anayi, osati asanu ndi limodzi. Akamaliza kuiliza ankakhwefula nsambo zonse, kuipukuta, n'kuibwezera. Panyumba pake lamulo linali limodzi: musaikhudze. Mkazi wake anamwalira asanaikhudzepo. Mwana wake wotsiriza, Wanri, amene anakhala mphunzitsi n'kutsala naye m'nyumbamo, anakula akuilambalala. Chifukwa cha mapazi asanuwo Klensing sanauze aliyense. Anali munthu woletsa, osati wofotokoza.

Mu 1998 kunabwera dokotala wa mano wa ku Kolkata, a Bagchi, amene anamva za gitalayo kwa dalaivala wina. Anali munthu waulemu. Anavula nsapato, anasamba m'manja, kenako anatulutsa kagalasi kaja amaonera mano n'kukalowetsa pabowo la gitala. Ine ndinkamasulira. Anati inapangidwa zaka zoposa zana zapitazo, yoti amayi aziliza m'zipinda zochezera, ndi kuti m'kati mwake timitanda take n'topyapyala ngati timitengo ta machesi, n'chifukwa chake imayankha ngakhale munthu ataikhudza pang'ono. Anati zambiri zotere zinafa chifukwa anthu anazimanga nsambo zachitsulo zimene sizinapangidwire. Iwo anali nazo makumi atatu ndi imodzi, m'chipinda chokhala ndi makina oyeza chinyezi. Klensing anafunsa ngati amaziliza zonse. Anati ayi, zala zawo n'zolemera, amangokonda kuziyang'ana ndi kuzinunkhiza.

“Uwauze kuti ali ngati mwamuna wa akazi makumi atatu wogona pakhonde,” anatero Klensing. Ndinamasulira mofewetsa, koma a Bagchi anamva ndithu ndipo anaseka kwambiri.

Kenako anapempha kuti agule. Klensing anawapatsa kwai, anadikira atafune, n'kunena kuti sangagulitse chinthu chimene anaba. A Bagchi anayesa ndi nthabwala ina. Atazindikira kuti si nthabwala, analemba nambala ya foni papepala n'kunena kuti gitalayo ikadzadwala awaimbire, pakuti amadziwa madokotala ake.

Lolemba lina mu Juni 2004, ndili pakhonde paja kucheza naye, panafika Daphi, mwana wa Plissina, atanyamula ambulera yakuda yothyoka nthiti ziwiri. Tonse tinkadziwa kuti achipatala a ku Shillong anawabweza amayi ake kuti akakhale kunyumba. Daphi anaika ambulera pabokosi.

“Malume, amayi akuti musoke iyi. Akuti mubwere nayo nokha. Akutinso musabwere ndi ambulera yokha.”

Klensing anatembenuza ambulerayo kawiri katatu ngati sanaonepo ambulera, kenako anati wamva, afika Lachitatu. Daphi atachoka ndinamufunsa chifukwa chake sakupita tsiku lomwelo. Anati nsambo zake zatha, imodzi ndi ulusi wowedzera nsomba, ndipo sangaimbire Duh ndi ulusi wa nsomba pambuyo pa zaka zonsezi. Akagula kaye zatsopano ku Shillong.

Madzulo a tsikulo anakunga nsambo n'kuyeseza nyimbo ija ya amayi ake, mobwerezabwereza, mpaka Wanri anamuitanira chakudya kachitatu. M'mawa anadzuka mochedwa, anayesezanso kamodzi, ndipo pomva galimoto ikuliza hutala kumsewu anathamanga, kusiya gitala pabedi nsambo zili zokunga. Sanachitepo zimenezi chiyambire.

Cha m'ma 11 koloko kunabwera mphepo imene inakweza lata limodzi pamwamba pa bedilo. Wanri pobwera kusukulu masana anapeza bulangete lili chonyowa, gitala ili ndi madzi m'mimba. Anaima kaye, pokumbukira lamulo. Kenako anaganiza za azakhali ake ndi za Lachitatu, anainyamula, n'kukhuthula madziwo.

Nyumba iliyonse kuno ili ndi dengu lalikulu lansungwi limene timavundikira pambaula ya makala. Pamwamba pake timayanikapo zonse: matewera, mayunifolomu, mabuku, ngakhale fodya. Mwana wa kuno akaona chinthu chonyowa saganiza kawiri. Wanri anakoleza makala, anavundikira dengu, anagonekapo gitala, n'kuifunditsa shawelo kuti kutentha kusathawe. Atatero anapita kukatsuka mpunga.

Iye sankadziwa kuti magitala akale anamatidwa ndi guluu wa zikopa, amene amafewa akanyowa ndipo amasungunuka akatenthedwa. Anamva phokoso ngati nsungwi yaphulika pamoto. Kathabwa komangapo nsambo kanali katazuka n'kukagwera pafupi ndi chitseko, thabwa lapamwamba litang'ambika kuchokera pabowo mpaka kumunsi, ndipo poinyamula timitanda ta m'kati tinkachita phokoso ngati nyemba m'chitini.

Klensing anafika cha m'ma 4 koloko, nsambo zatsopano zili m'thumba la malaya. Ine ndinatsika naye galimoto imodzi, ndipo ndinalowa kuti ndimwe tiyi. Wanri anali atakhala pansi, gitala ili pamiyendo pake.

“Pa, inali itanyowa,” anatero kwa bambo ake.

Klensing anayang'ana denga, anayang'ana dengu, anayang'ana kashelefu kake kopanda kanthu. Anatola kathabwa kaja pafupi ndi chitseko n'kukapukuta ndi malaya.

“Chonyowa timayanika, mwanangu. Wachita zimene amayi ako anakuphunzitsa. Zimene ndinayenera kukuphunzitsa ine ndi zimene sunazidziwe.”

Sanakweze mawu tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Lachitatu m'mawa tinapita ku positi ofesi kukaimbira a Bagchi. Ndinawafotokozera zonse. Kenako anayamba kulankhula pang'onopang'ono kuti ndilembe. Anati tisayerekeze kuthira guluu woyera wa m'sitolo. Tipeze guluu wa zikopa kwa akalipentala achikulire, tipale wakale yense, timate timitanda kaye, kenako mng'alu, kathabwa pomalizira. Ndipo ndi chinyezi cha kwathu kuno, pasakungidwe nsambo mpaka patatha masabata atatu. Klensing anati ndiwauze kuti alibe masabata atatu. A Bagchi anati ngati ndi choncho masiku anayi, koma iwo asakhalepo mboni.

Tikutuluka, Klensing anaima pakhonde la positi ofesi. Njira ya kwa Plissina imayambira pomwepo, kutsika ndi masitepe amiyala, ulendo wosakwana theka la ola. Anandifunsa ngati angopita nayo chomwecho, yong'ambika, n'kukanena zoona.

Ndinamuuza kuti ayi. Ndinati munthu amene wadikira zaka makumi anayi ndi zitatu angadikire mpaka Lamlungu. Ndinati akafika ndi gitala yosweka, Plissina adzayesa kuti waiswa dala kuti aliyense asaipeze, ndipo akanena zoona, mudzi wonse udzaloza chala Wanri. Ndinalankhula bwino. Ndinazolowera kulemba makalata oti zinthu zidikire, ndipo mawu ake ndinali nawo okonzeka.

Guluu tinamupeza kwa mkulu wina wokhoma mabokosi a maliro. Klensing anamusungunula m'kachitini koviika m'madzi otentha. Zopanira za akatswiri analibe, choncho anatenga nthiti za maambulera, anazidula, n'kuzipinda kuti zikalowa m'mimba mwa gitala zizikankha timitanda m'mwamba. Kunja anamanga ndi malamba odula ku chubu cha njinga. Dzanja lake silinkalowa pabowo. Anayesa kangapo, kenako anaitana Wanri, amene anali asanadye chichitikire ngoziyo.

“Bwera ndi kadzanja kako ka choko. Lowetsa. Usaope, yafa kale, siingafenso.”

Anagwira ntchito awiriwo tsiku lonse, iye akuunikira ndi tochi n'kumanena kuti kumanzere, m'mwamba pang'ono, gwira pomwepo. Ndikukhulupirira kuti pa tsiku limenelo analankhula ndi mwana wake mawu ambiri kuposa chaka chonse. Podikira kuti guluu agwire, anasoka ambulera ya Plissina. Anaika nthiti ziwiri zabwino koposa zimene anali nazo, n'kubwereza msoko wa m'mphepete monse ngakhale unali usanathothoke.

Lachinayi masana Daphi anabwera kunyumba. Klensing anamuona akukwera masitepe, anafunditsa gitala bulangete, n'kukamuchingamira pakhomo. Daphi anati amayi ake anadikira dzulo lonse, anawasambitsa n'kuwakhazika moyang'ana kukhomo, ndipo akufunsa. Klensing anati pali kanthu kakang'ono kamuchedwetsa, afika Lamlungu akaweruka kutchalitchi, osalephera. Daphi anati, “Malume, Lamlungu n'kutali.” Iye anati akudziwa. Kenako, pofuna kuti mwanayo asabwerere chimanjamanja, analowa m'nyumba n'kumupatsa ambulera ija.

Ndinali pomwepo, ndipo sindinaone cholakwika. Tonse awiri tinaiwala mmene uthenga unanenera.

Plissina anapita kukadya kwai pakhomo pa Mulungu, monga timanenera kuno munthu akamwalira, Lachisanu m'mawa, kunja kutayera kale.

Klensing anatsika masitepe aja tsiku lomwelo, gitala ili m'bulangete, malamba a chubu ali chimangire, Wanri akumufunditsa ambulera. M'nyumba munali mutadzaza. Anthu anapatuka, pakuti malume wa nyumba salowa ngati mlendo ngakhale atakhala zaka zingati osapondamo. Nyumbayo inali itasintha. Matabwa a khoma anali atsopano, opakidwa utoto wobiriwira, pali kalendala ndi zithunzi za adzukulu. Koma pakati pa zenera ndi chitseko cha kuchipinda panali msomali wopanda kanthu. Daphi anandiuza pambuyo pake kuti pamene ankasintha matabwa, amayi ake anazula msomaliwo okha n'kuukhomanso pamalo omwewo, ndipo mwana aliyense wopachikapo chipewa ankamenyedwa khofi.

Klensing anavundukula bulangete. Anthu anaona mng'alu, malamba, ndi nthiti za ambulera zikuonekera pabowo. Anaipachika, n'kukakhala pansi pafupi ndi mutu wa mlongo wake. Nyimbo ya amayi awo anaiyambitsa ndi mayi wina wa kutchalitchi, popanda choliza.

Titaika maliro, Klensing anamuitana Daphi kuseri kwa nyumba n'kumufotokozera zonse, kupatula dzina la amene anaika gitala padengu. Anati anaiyanika yekha. Kenako anafunsa zimene mlongo wake ananena atalandira ambulera. Daphi anakana kunena. Iye anaumirira, ndipo pakuti anali malume ake, ananena. Anati amayi ake anaitambasula ali pabedi, anayendetsa chala pamsoko wonse, n'kunena kuti, “Kusoka amatha.” Kenako anafunsa ngati pali china chimene wabwera nacho. Atamva kuti palibe, anati, “Waioperanso,” n'kupempha kuti awatembenuzire kukhoma.

“Malume, mukanangobwera nayo yosweka,” anatero Daphi. “Mukanangobwera.”

Klensing anagwedeza mutu kuvomereza, n'kufunsa ngati alendo onse alandira tiyi.

Guluu uja anagwira. Patatha masabata atatu, masana a Lamlungu, Klensing anapita kunyumba kuja, anamasula malamba, anasolola nthiti za ambulera imodziimodzi, n'kumanga nsambo zimene anagula ku Shillong. Anazikunga mosamala, akutchera khutu. Kenako anakhwacha kamodzi ndi chala chachikulu. Inalira monga kale, mwina motsikirapo pang'ono. Daphi anati aitenge, amayi ake kulibe ndipo m'nyumbamo mulibe woliza. Iye anati yafika kwawo. Anakhwefula nsambo n'kuipachika. Sindinamvenso kuti anailiza.

Anakhala zaka zina zinayi. Tsiku lililonse la msika akaweruka ankatsika masitepe aja kukaipukuta. Anayeza ndi mapazi ake kuchokera pamsomali mpaka pamoto n'kupeza kuti ndi asanu, ndipo anati malume ake ndiwo anayeza poyamba, iye anangotengera. Anakhazika pansi Daphi ndi Wanri n'kuwafotokozera za guluu wa zikopa, za chinyezi, za nsambo zachitsulo, zonse ndi zifukwa zake, mobwerezabwereza mpaka anayamba kumuseka kuti malume asanduka mlaliki. A Bagchi analemba makalata awiri ofunsa za wodwala wawo. Klensing anandipempha ndiwayankhe kuti wachira ndipo wabwerera kwa eni ake.

Kamodzi kokha ndinayesa kumuuza kuti mlandu wa sabata ija unali wanga. Tinali pakhonde la sitolo ya nsalu, iye akulowetsa ulusi pasingano, maso atayamba kale kumuvuta. Anandisiya ndimalize.

“Iwe unangoyankha,” anatero. “Ndinakufunsa iwe chifukwa ndinkadziwa kuti udzati ndidikire. Ndikanafuna kupita ndikanafunsa amayi a kwai awa.”

Amayi a kwai aja atamva anati akanamukankha pamasitepe ndi manja awo. Klensing anati akudziwa, n'chifukwa chake sanawafunse. Kenako anandipatsa singano kuti ndimulowetsere ulusi.

Anamwalira mu Ogasiti 2008. Pamaliro pake Daphi anafunsa ngati atsitse gitala, koma panalibe wodziwa kuiliza kupatula achinyamata a kutchalitchi, ndipo Wanri anati zala zawo zinazolowera chitsulo. Inakhala pamsomali, ndipo tinaimba popanda choliza.